Akakuuzani kuti “mawa musabwere”: njira yotsata mukachotsedwa ntchito

Ntchito zambiri kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu zimayamba ndi pakamwa, zimathanso ndi pakamwa. Wogulitsa m’golosale pa Lizulu, mlonda wa paresitihausi pa boma, mnyamata wa pachigayo ku Bembeke, mphunzitsi wa pasukulu yapulaiveti, wothira mafuta m’mbali mwa msewu wa M1: ambiri mwa amenewa sanasainepo pepala lililonse. Tsiku loti abwana anena kuti “mawa musabwere” amangotenga kachikwama kawo n’kumapita, poganiza kuti popanda kalata palibenso podandaulira. Si choncho ayi. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati wantchito ndi wantchito, kaya munagwirizana polemberana kaya pakamwa. Ndiponso bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposa apo amayenera kupatsa aliyense kalata yofotokoza za ntchito yake mwezi woyamba usanathe. Ngati sanakupatseni, wolakwa ndi iyeyo, osati inu.

Akuluakulu anati mlandu suwola, koma uwu wokha umawola. Lamulo limakupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mwachotsedwa kuti mukadandaule kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m’boma mwanu. Zonse zimene ndilembe pansipa muzichite maso ali pa miyezi itatu imeneyo.

Tsiku lomwelo

Mtima ukhale m’malo. Musatukwane, musagwire munthu pakhosi, ndipo koposa zonse musadzilipire nokha. Alipo amene amanyamula njinga ya abwana kapena matumba awiri a feteleza akuti “ndi malipiro anga amenewa.” Mukatero nkhani yachoka ku leba, yapita kupolisi, ndipo wozengedwa ndinu.

Funsani chifukwa chimene akukuchotserani, mupemphenso kuti akulembereni kalata. Ambiri amakana. Akakana, tumizani uthenga pafoni tsiku lomwelo, waulemu ndi waufupi: “Bwana, lero pa 14 mwandiuza kuti ndisabwerenso kuntchito. Ndikupempha kalata yofotokoza chifukwa chake komanso tsiku lodzalandira ndalama zanga.” Uthengawo musaufufute, ngakhale asayankhe. Chifukwa chake n’chakuti nkhani ikafika ku leba, mawu oyamba a mabwana ambiri amakhala akuti “ine sindinamuchotse, anangosiya kubwera yekha.” Kujomba popanda chilolezo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene lamulo limalola kuchotsera munthu popanda notisi, ndiye mukapanda umboni woti anakubwezani ndi iwo, nkhani imakutembenukirani. Ngati mawu awo anali osamveka bwino, monga akuti “kapumeni kaye, tikuitanani,” m’mawa mwake pitani kuntchito nthawi ya masiku onse muli ndi munthu wina wamkulu, akubwezeni iye akuona.

Makiyi, yunifolomu, tochi, buku la ngongole, ndalama za m’kabati, zonse bwezani pamaso pa mboni, mulembe papepala zimene mwapereka, wolandirayo asaine.

Pali mapepala awiri oti musawakhudze tsiku limenelo. Loyamba ndi kalata yosiya ntchito. Adzakunyengererani kuti “lembani nokha kuti mwasiya, mbiri yanu isaipe.” Wosiya yekha salandira ndalama ya notisi, salandira severance (ndalama ya zaka zimene munthu wagwira, yoperekedwa pochotsedwa ntchito), ndipo kudandaula kuti anachotsedwa mopanda chilungamo kumavuta. N’zoona kuti lamulo limazindikira munthu amene wasiya chifukwa khalidwe la bwana lafika posapiririka, ndipo limamutenga ngati wochotsedwa, koma pamenepo wosenza katundu wopereka umboni ndinu. Akakuchotsani iwo, wosenza ndi iwowo. Musawalandire mtolo wawo.

Lachiwiri ndi lija lakuti “ndalandira zanga zonse, sindidzadandaulanso.” Ndalama akakupatsani landirani, ana ayenera kudya. Koma posaina lembani ndi dzanja lanu kuchuluka kwake ndi mawu akuti “ndalandira ngati mbali chabe ya ndalama zanga,” kenako mujambule pepalalo pafoni. Ngati kuwerenga kumakuvutani, kapena pepalalo lili m’Chingerezi chozama, nenani kuti mukufuna kukalionetsa kaye kwa wina. Palibe lamulo lokakamiza munthu kudinda chala pompopompo.

Sabata yoyamba: sonkhanitsani umboni

Chitani izi msanga, anzanu a kuntchito asanayambe kuopa kuonedwa ali nanu. Mukufuna zinthu zoonetsa tsiku lomwe munayamba, malipiro anu, maola amene munkagwira, ndi m’mene ntchito yathera. Kalata yolembedwera ntchito ndi mapeyisilipi ngati zilipo, zili bwino. Ngati palibe, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza ndalama yofanana ikulowa mwezi ndi mwezi kuchokera pa nambala ya abwana ndi umboni wamphamvu. Chimodzimodzi sitetimenti ya kubanki, chitupa cha kuntchito, chithunzi muli mu yunifolomu, mauthenga a pa WhatsApp okutumani ntchito usiku kapena Lamulungu, malisiti olembedwa ndi dzanja lanu. Ganiziraninso anthu awiri amene angayime n’kunena kuti ankakuonani pamalopo zaka zonsezi. Amene anasiya kale ntchito pamenepo amalankhula momasuka kuposa amene akadali pomwepo.

Kenako gulani kope la kusukulu, mulembemo nkhani yonse motsata masiku: munayamba liti, ankakulipirani zingati, anakweza liti, munapitako kutchuthi kangati, anakuchenjezanipo kapena ayi, tsiku lomaliza ananena chiyani, panali ndani. Kukhoti mungadzayimirire patapita nthawi yaitali, mutu utaiwala. Mapepala onse pangitsani fotokope. Enieniwo musasiyire munthu aliyense, ngakhale wa muofesi.

Kodi anakuchotsani motsata lamulo?

Apa mudziweruze nokha moona mtima musanaononge ndalama ya minibasi. Gawo 57 la lamulo lija limafunsa mafunso awiri. Kodi panali chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe lanu, kagwiridwe kanu ka ntchito, kapena kayendedwe ka bizinesi? Nanga ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, anakupatsani mpata woyankhapo asanagamule?

Funso lachiwirili ndi limene limagwetsa mabwana ambiri. Kukupatsani mpata sikutanthauza kukukalipirani pagulu kenako n’kukupatsani envulopu. Muyenera kuuzidwa mlandu wanu momveka, mupatsidwe nthawi yokonzekera, mumve umboni wokutsutsani, muyankhe, ndipo chigamulo chibwere pambuyo pa zonsezo. Ngakhale pa milandu ikuluikulu imene lamulo limalola kuchotsa munthu popanda notisi, monga kuba, kukana dala malangizo oyenera, kapena kunyozera ntchito mobwerezabwereza, ayenera kukumvani kaye. Ndipo gawo 61 limati bwana akalephera kupereka chifukwa, khoti lingotenga kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo.

Nkhani ya shoti ndiyo yafala m’mashopu ndi m’malo othirira mafuta. Kuwerengera katundu kukachitika inu kulibe, kenako n’kungouzidwa kuti kwasowa K400,000, muli ndi ufulu wofunsa kuti akuonetseni mabuku ndi kuti kuwerengerako kubwerezedwe muli pomwepo. Abwana akakutengerani kupolisi, dziwani kuti imeneyo ndi nkhani ina payokha. Kumangidwa sikulowa m’malo mwa kukumvani kuntchito, komanso miyezi itatu ija siyima podikira kuti mlandu wa kwa majisitireti uthe. Mukangotuluka pa belo pitani ku leba.

Pali zifukwa zina zimene lamulo limakaniratu: mimba, kudwala kwa kanthawi, mtundu, chipembedzo, maganizo a ndale, kukhala m’bungwe la ogwira ntchito, kukana ntchito imene ikuika moyo wanu pangozi yoonekeratu, kapena kuti munakasuma bwanayo. Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata osachepera asanu ndi atatu cholipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kumuchotsa chifukwa cha mimba ndi mlandu. Kuyambira 2021 abambo nawo ali ndi masabata awiri. Mtsikana amene wachotsedwa chifukwa wakana zofuna za abwana asangothera ku leba: lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pofuna kugona naye ndi mlandu wa chilango cha K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende, ndiye apitenso kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Ena adzakuuzani kuti “munali pa kontrakiti, yangotha.” Kontrakiti ya ntchito yokhala ndi mathero enieni, monga kumanga mlatho, ikatha yatha ndithu. Koma ngati akhala akukusainitsa ya miyezi itatuitatu kwa zaka, pa ntchito imene imakhalapo masiku onse ngati ya ulonda kapena yogulitsa, lamulo limakutengani ngati wantchito wokhazikika. Nthawi yoyeserera munthu waluso nayo siyenera kupitirira miyezi 12. Ndipo amene amalembedwa pamalo amodzimodzi nyengo iliyonse, monga yogula mbewu, nthawi zonse zimene wagwira zimaphatikizidwa powerengera.

Chenjezo limodzi la ife a m’malire. Pa Lizulu, pa Tsangano ndi pa Biriwiri, kungodumpha msewu uli ku Mozambique. Ngati munda wa mbatatesi kapena shopu yomwe munkagwirako ili tsidya ilo, malamulo a Malawi sangakuperekezeni kumeneko mosavuta. Fotokozani zimenezi poyambirira pomwe mukafika ku leba.

Werengerani nokha musanapite kulikonse

Munthu wopita ku leba akungoti “andidyera” amabwerako ndi chilichonse chimene bwana watulutsa m’thumba. Wopita ndi masamu papepala amakambirana. Tiyerekeze munthu wolandira K130,000 pamwezi, wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, amene watha zaka 7 zathunthu pamalo amodzi. Pa sabata ndi K30,000, pa tsiku K5,000, pa ola K625.

Choyamba ndi masiku amene wagwira m’mwezi womaliza. Ngati ndi 12, imeneyo ndi K60,000. Iyi ndi yanu zivute zitani, ngakhale atakuchotsani chifukwa cha kulakwa kwenikweni.

Kenako notisi. Wolipidwa pamwezi ayenera kuuzidwa kutatsala mwezi wathunthu, apo ayi alipidwe malipiro a mwezi umodzi: K130,000. Wolipidwa pa sabata amene sanakwanitse zaka ziwiri, notisi yake ndi sabata imodzi, ndipo imakula zaka zikamachuluka.

Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, 15 kwa wogwira asanu. Ngati chaka chomaliza sanapume, 18 kuchulukitsa ndi K5,000 ikukwana K90,000. Iyinso sifa chifukwa cha mlandu.

Severance ndiyo anthu amasokoneza kwambiri. Chiyambire kusintha kwa lamulo mu 2010, imaperekedwa pamene akuchotsani chifukwa chochepetsa antchito, mavuto a zachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito, ndiponso pamene mwachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha, kapena wochotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe loipa, salandira. Muyenera kukhala mutakwanitsa chaka. Kawerengedwe kake nkotere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi kufika chakhumi, masabata anayi pa chaka chilichonse kupitirira apo. Munthu wathu uja ndiye kuti ali ndi masabata 10 a zaka zisanu zoyamba ndi 6 a zaka ziwiri zotsatira, onse 16, kuchulukitsa ndi K30,000, K480,000. Ngati ankalandiranso ndalama ya nyumba, imalowa m’masamuwo.

Pofika apa tili pa K760,000, tisanakhudze chipukutamisozi. Chimenecho amagamula ndi khoti likapeza kuti munachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo gawo 63 linaika malire apansi: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa wosapitirira zaka zisanu, masabata awiri kwa wa zaka zopitirira zisanu kufika khumi, atatu kufika zaka 15, mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kupitirira apo. Wa zaka 7 sangatsike pa masabata 14, amene ndi K420,000. Khoti lingakweze poona m’mene mwavutikira, lingalamulenso kuti akubwezeni pantchito, ngakhale kuti m’shopu ya munthu mmodzi zimenezi sizikhala zanzeru kawirikawiri.

Ovataimu amaiwala ambiri. Maola a ntchito pa sabata sayenera kupitirira 48, ndipo mukagwira masiku asanu ndi limodzi otsatizana muyenera kupuma tsiku lathunthu. Ola lowonjezera pa tsiku wamba limalipidwa kamodzi ndi theka, pa tsiku lanu lopuma kapena la holide kawiri. Wotsegula shopu 7 koloko m’mawa n’kutseka dzuwa litalowa, ngati amapitiriza ndi maola awiri tsiku lililonse, pa sabata ndi maola 12, pafupifupi K11,250. Pa chaka ndi ndalama yoposa severance ija. Vuto lake ndi umboni, n’chifukwa chake amene mukadali pantchito muyambe lero kulemba nthawi yolowera ndi yowerukira. Alonda ali ndi kawerengedwe kawo ka ovataimu, akafunse ku leba.

Onaninso ngati malipiro anu ankafika pa mlingo wotsikitsitsa umene boma limalengeza. Mu 2024 unali K90,000 pamwezi, mu 2025 unakwera kufika K126,000, ndipo wa antchito a m’nyumba unachoka pa K52,000 kufika K72,800. Ziwerengerozi zimasintha, tsono funsani za chaka chilichonse chimene munagwira. Zimene ankakuperewezani ndi ngongole ya abwana kwa inu, ngakhale munavomera ndi pakamwa panu kulandira zochepa.

Za penshoni mwachidule: bwana amaika 10 peresenti, inu 5 peresenti, ndipo ndalamayo ndi yanu posatengera chimene ntchito yathera. Pitani kukampani yosunga penshoniyo mukapemphe sitetimenti. Mukapeza kuti ankakudulani koma osatumiza, dandaulo lake limapita kwa woyang’anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi. Amene lamulo silikakamiza kuti akhale pa penshoni, monga antchito a m’nyumba, amalandira gratuity: 5 peresenti ya malipiro a pamwezi pa mwezi uliwonse umene agwira.

Malipiro anu otsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha. Pemphaninso kalata yosonyeza kuti munagwira pamalopo kuyambira liti kufika liti, ntchito yanji. Lamulo limati mukaipempha akupatseni, ndipo chifukwa chochokera sachilembamo pokhapokha inu mutafuna.

Ku leba

Ofesi ya leba ili pa boma, ku Dedza komanso ku Ntcheu. Wochokera ku Mtakataka, Golomoti, Kasinje kapena Tsangano alawirire, atenge chitupa cha unzika, kope lija, mafotokope ndi pepala la masamu. Tengani dzina lenileni la bizinesi, dzina la mwini wake, malo ndi nambala ya foni. Mlonda wa kampani ya zachitetezo akumbukire kuti bwana wake ndi kampani imene imamulipira, osati mwini nyumba imene ankalondera.

Onetsetsani kuti dandaulo lanu lalembedwa m’buku ndipo tsiku lake laoneka, chifukwa ndi limene lidzasonyeze kuti munafika miyezi itatu isanathe. Pano ndi pamene anthu abwino mtima amagwera. Abwana amati “dikirani tigulitse kaye chimanga,” ankhoswa a kutchalitchi amati “tikambirana pachibale,” amfumu amati “tikhala pansi maliro akatha,” mpaka mwezi wachinayi wakwana. Kukambirana pachibale si kolakwika, ndipo nthawi zina kumabweretsa ndalama msanga kuposa khoti. Koma kalembetseni kaye ku leba, zokambiranazo zizichitika dzina lanu lili kale m’buku.

Ofisala adzalemba kalata yoitana abwana, ndipo kawirikawiri amakupatsani inu nomwe kuti mukapereke. Musapite nokha, ndipo wolandirayo asaine pa fotokope yanu. Tsiku lokumana lankhulani motsata kope lanu, osalowetsa nkhani zakale za m’mudzi. Ofisala wa leba ndi mkhalapakati, ntchito yake ndi kukuyanjanitsani motsata lamulo. Abwana akapereka ndalama yocheperako, yezani bwino: K600,000 ya lero ingapose K900,000 yodikira kukhoti mukulipira thiransipoti ya ku Lilongwe. Koma K100,000 pa ngongole ya K760,000 ndi chipongwe, musachite nayo manyazi kukana. Mukagwirizana, zilembedwe: ndalama zingati, zidzaperekedwa masiku ati, kudzera kuti. Ngati ndi zapang’onopang’ono, ndi bwino zizidzera ku ofesi komweko.

Zikakanika, kukhoti la za ntchito

Ofisala akalephera kuthetsa nkhaniyo pa mwezi umodzi, kapena abwana akamangozemba, pemphani kalata yokutumizani ku Industrial Relations Court, khoti limene linakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko lino ndipo limayendera lamulo la Labour Relations Act la 1996. Ife a chigawo chapakati ofesi yathu ili ku Lilongwe. Kumeneko mumalemba fomu yoyamba yofotokoza dandaulo lanu ndi zimene mukufuna, fomuyo imaperekedwa kwa abwana, iwo amayankha pa fomu yawo. Mlandu usanamvedwe pamakhala kukumana koyamba kounika mfundo zimene mukusiyana, ndipo nkhani zina zimathera pomwepo. Pa fomu lembani zonse: notisi, tchuthi, severance, ovataimu, zoperewera, chipukutamisozi. Chimene simunalembe n’chovuta kudzachitchula pakati pa mlandu.

Khoti limeneli linapangidwa kuti munthu wamba athe kudziyankhulira popanda loya. Ngati nkhani ndi yaikulu ndipo mulibe ndalama, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu. Amene muli m’bungwe la ogwira ntchito, uzani atsogoleri anu kuyambira tsiku loyamba. Asilikali, apolisi ndi oyang’anira ndende ali ndi malamulo awo, njira iyi si yawo.

Milandu imachedwa, musanamizidwe. Musasinthe nambala ya foni osadziwitsa khoti, ndipo tsiku la mlandu musajombe, chifukwa wodandaula akapanda kuoneka mlandu ungathe kuchotsedwa. Podikirapo funafunani ntchito ina ndipo sungani fotokope ya kalata iliyonse yofunsira ntchito, popeza poyeza chipukutamisozi khoti limafunsa ngati munayesetsa kudzithandiza. Mukapambana, kawirikawiri pamakhala tsiku lina lowerengera ndalama zenizeni. Abwana akakana kulipira chigamulo chitatuluka, bwererani kukhoti komweko mukapemphe chikalata choti masherifu akalande katundu. Mbali imene sinakhutire ili ndi masiku 30 ochitira apilo ku High Court, koma pa mfundo za malamulo zokha, osati kukayambiranso kufotokoza nkhani yonse.